Kwa inu opanga malamulo a zantchito: nkhani ya tchuthi cholipidwa cha makolo muyionenso bwino

Olemekezeka aphungu, nduna zoona za ntchito ndi zachuma, komanso inu mabwana a mabungwe a olemba anthu ntchito,

Ndikulemberani pa nkhani ya tchuthi cholipidwa chomwe mayi kapena bambo amatenga mwana akabadwa, chifukwa nthawi zonse nkhaniyi ikafika patebulo panu mumaikambirana ngati nkhani ya chiwerengero cha anthu basi. Kumayiko komwe ana akubadwa ochepa umamva nduna ikuti tiwonjezere tchuthi kuti azimayi azibereka, kumayiko komwe ana akubadwa ambiri umamva phungu wina akudzuka nkumati aaa ayi, mukawapatsa miyezi yambiri yolipidwa ndiye azingobereka chaka ndi chaka. Onse awiriwa akulakwitsa, ndipo akulakwitsa mofanana, poganiza kuti mzimayi amatenga mimba poyang'ana masiku a tchuthi. Zomwe zachitika kumayiko omwe anayesa kale zikuonetsa kuti tchuthi chimasunthako nthawi yomwe mwana wachiwiri amabwera, pena chimaonjezerako ana pang'ono, koma chomwe chimasinthadi kwambiri ndi choti mayi uja abwerera kuntchito kapena ntchito yake yathera pomwepo. Ndiye chonde muziyambira pamenepo.

Tiyambe ndi Sweden poti aliyense akafuna kupambana mtsutso amathamangira kumeneko. Mu 1974 iwowa anakhala oyamba kusintha tchuthi cha amayi kukhala cha makolo onse awiri, kuti bambo naye azitha kutengako masiku. Panopa makolo ali ndi masiku 480 pa mwana mmodzi, ndipo 390 mwa masiku amenewa amalipidwa pafupifupi 80 peresenti ya salale. Koma pali kanthu kena komwe ambiri sakatchula. Ndalama za pa tchuthi zimawerengedwa potengera zomwe mayi amalandira asanachire, ndiye mayi yemwe wabwerera kuntchito nkumagwira maola ochepa chifukwa cha mwana woyamba, akatenga mimba ina ndalama zake za tchuthi chachiwiri zimakhala zochepa. Mu 1980 anaika lamulo loti mwana wachiwiri akabadwa isanathe miyezi 24 mayi azilandirabe mlingo wakale uja, kenako mu 1986 anakweza kufika miyezi 30. Chinachitika nchiyani? Anthu anayamba kubereka mothinana kuti asaphonye ndalamazo, ndipo pofika 1990 chiwerengero chinakwera mpaka pafupifupi ana 2.1 pa mayi mmodzi. Kenako chuma chinasokonekera, ntchito zinayamba kusowa, pofika 1999 anali atatsika kufika 1.5 tchuthi chija chikadalipo. Ndipo ukawerenga ana onse omwe azimayi a mibadwo imeneyo anabereka moyo wawo wonse, umapeza kuti anali pafupifupi awiri basi, monga momwe zinalili kale. Lamulo linasintha nthawi yoberekera, kukula kwa banja sikunasinthe kwenikweni.

Apa ndipatukeko pang'ono. A WHO amalangiza kuti mayi adikire miyezi yosachepera 24 atachira asanatenge mimba ina, ndiye dziko lomwe amayi akumwalirabe ambiri pobereka lisangokopera kalamulo ngati ka ku Sweden kaja poti kachokera ku Ulaya, mungaike anthu pa mpikisano wobereka pafupipafupi inu osadziwa.

Ku Austria mu 1990 anatalikitsa tchuthi kuchoka pa chaka chimodzi kufika zaka ziwiri. Akatswiri awiri a zachuma, Rafael Lalive ndi Josef Zweimüller, anayerekeza amayi omwe anachira lamulo litatsala pang'ono kuyamba ndi omwe anachira litangoyamba kumene, nkupezadi kuti mwa a tchuthi chachitali aja ambiri anaberekanso mwana wina. Pamenepa sindikana, tchuthi chinaonjezera ana. Koma amayi omwewo anachedwa kubwerera kuntchito, m'zaka zoyambirira ndalama zawo zinatsika, ndipo mu 1996 boma linadulanso moti mayi payekha amatha kutenga miyezi 18 yokha. Germany inachita zosiyana mu 2007, inasiya kupereka kandalama kochepa kwa zaka ziwiri nkuyamba kulipira 67 peresenti ya salale kwa miyezi 12, kuonjezerapo miyezi iwiri ngati bambo watengako nawo, osapitirira ma euro 1,800 pamwezi. Omwe anasintha maganizo nkuyamba kubereka anali makamaka azimayi ophunzira kwambiri a salale zokwera, aja omwe poyamba mwana amawadula ndalama zochuluka, komanso amayi ambiri anayamba kubwerera kuntchito mwana akangokwanitsa chaka poti ndalama zimathera pamenepo. Chiwerengero cha dziko chinakwerako kufika pafupifupi ana 1.6 pa mayi mmodzi mu 2016 kenako nkutsikanso. Ku Norway pakati pa 1987 ndi 1992 anakweza tchuthi cholipidwa pang'onopang'ono kuchoka pa masabata 18 kufika 35, ofufuza atabwera kudzaona zotsatira sanapeze kusintha pa chiwerengero cha ana omwe mabanja anabereka. Norway yomweyo, ndi tchuthi chake chomwe ena timangochisirira, inali pa 1.98 mu 2009 koma pofika 2023 inali pa 1.4.

Nanga South Korea? Papepala mayi ali ndi tchuthi cholera mwana chosachepera chaka, bambonso chimodzimodzi, koma mu 2023 anali pa ana 0.72 pa mayi mmodzi, palibe dziko lina lomwe linatsika choncho. Munthu akugwira ntchito mpaka usiku, nyumba mu Seoul ndi zodula zosayamba, maphunziro oonjezera a ana akudya theka la thumba, ntchito zapakhomo zonse zikugwera mayi yemweyo, ndiye inu mubwere ndi tchuthi nkumayembekezera kuti ana ayamba kubadwa? Walira mvula walira matope, boma lofuna ana lilandirenso nkhani ya nyumba, maola ogwirira ntchito ndi womusiyira mwana. Ndipo ya ku Spain ndiye imandiseketsa. Mu 2007 anapatsa azibambo masabata awiri olipidwa, Lídia Farré ndi Libertad González atafufuza anapeza kuti mabanja omwe bambo anali ndi mwayi wa tchuthi chimenechi anachedwa kubereka mwana wotsatira, ndipo azibambo anayamba kunena kuti akufuna ana ocheperako. Kaya ndi kudzuka usiku komwe anakulawa kaya nchiyani, koma zinayenda mosemphana ndi zomwe wandale wofuna ana ambiri akanayembekezera, pomwe amayi aja ambiri anakhalabe pantchito zawo.

Kwa inu amene mukuopa kuti tchuthi chichulukitsa ana, tangoyang'anani kuti ndani amene amachilandira. Ndi mzimayi wolembedwa ntchito yokhazikika, wa salale ya pamwezi, nthawi zambiri wopita kusukulu, ndipo pafupifupi kulikonse padziko ameneyu ndi amene amabereka ana ochepa kuposa anzake. Zomwe zimatsitsa chiwerengero cha ana zikudziwika kale, mtsikana kukhalitsa pasukulu, kukwatiwa atakula, njira zakulera kupezeka pafupi, ana kusiya kumwalira ali aang'ono. Mzimayi yemwe akudziwa kuti ntchito yake ikumudikira ali ndi chifukwa chotalikitsira nthawi asanatenge mimba ina. Yemwe ntchito inamuthera ndi mwana woyamba alibenso choti ataye.

Tsopano ku nkhani ya ntchito, komwe ndikufuna mukhazikikepo. Tchuthi chikafupika kwambiri kapena chikakhala chosalipidwa, mayi amakakamizika kusankha, kubwerera thupi lisanachire bwino kapena kusiya ntchito. Ku America lamulo la 1993 limapereka masabata 12 koma opanda malipiro, ndipo limakhudza makampani a antchito 50 kupita m'mwamba, ndiye wosauka sangakwanitse kukhala pakhomo masabata onsewo popanda cholowa m'thumba. California, chigawo china cha America komweko, itayamba kulipira mu 2004, masabata 6 pa 55 peresenti ya salale, nthawi yomwe amayi amakhala ndi makanda awo inachuluka pafupifupi kawiri, ndipo omwe anapindula kwambiri anali osaphunzira kwambiri ndi osakwatiwa, aja omwe poyamba samatha nkomwe. Pa nkhani yoti patapita zaka amayiwa anali pantchito kapena ayi ofufuza amatsutsana, ena anapeza phindu, ena poyang'ana ma rekodi a msonkho anapeza kuti amayi a mwana woyamba okhalabe pantchito anachepako. Koma muone ichi, lamulo la California lija linali la ndalama zokha, palokha silimatsimikizira mayi kuti akabwera apeza malo ake. Ndalama popanda chitetezo cha ntchito ndi theka la lamulo.

Mbali inayo, tchuthi chikatalika mopyola muyezo chimamulanso mayi yemweyo. Ku Czech Republic ndi ku Hungary mayi akhoza kukhala pakhomo mpaka mwana atakwanitsa zaka zitatu, ana awiri motsatizana ndiye kuti zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kunja kwa ofesi, pobwerera makompyuta asintha, makasitomala ake anatengedwa ndi wina, amene anamupeza ali bwana wake. Ofufuza omwe ayerekeza mayiko olemera ambiri amagwirizana kuti tchuthi cholipidwa chofika pafupifupi chaka chimathandiza azimayi kukhalabe pantchito, chikapitirira apo phindu limayamba kutha ndipo salale ndi pulomoshoni zimabwerera m'mbuyo. Ngakhale ku Denmark komwe zinthu zili bwino, Henrik Kleven ndi anzake anapeza kuti mwana woyamba akabadwa ndalama za mayi zimatsika ndi pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi za bambo, ndipo mpata umenewu sutsekeka olo patapita zaka khumi, pomwe za bambo sizigwedezeka nkomwe. Claudia Goldin, yemwe analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2023, anaonetsanso zomwezo, kuti kusiyana kwa malipiro a amuna ndi akazi masiku ano kumayambira makamaka pa kubadwa kwa mwana woyamba.

Funso lomwe mumalizemba kwambiri ndi loti ndalama zichokera kuti. Chophweka kwa boma ndi kulemba m'lamulo kuti wolemba ntchito azilipira salale yonse mayi ali pa tchuthi, bajeti ya boma osakhudzidwa, inu nkuombera m'manja kuti mwathandiza amayi. India inachita zimenezi mu 2017, inakweza tchuthi kuchoka pa masabata 12 kufika 26, zomwe papepala zikuoneka bwino zedi, koma bilu yonse inagwera kampani. Ndiye tadziikani m'malo mwa mwini kakampani ka anthu 15. Pa intavyu pabwera mnyamata ndi mtsikana wongokwatiwa kumene, mapepala ofanana, iye akudziwa kuti mtsikanayu akatenga mimba amulipira theka la chaka asakugwira ntchito kuphatikizapo kulipira womugwirizira. Atenga ndani? Sanganene poyera chifukwa lamulo limaletsa, angoti mwayesetsa koma tapeza wina. Ndipo amene akulangidwa apa ndi mzimayi aliyense wa msinkhu wobereka, ngakhale yemwe alibe nkomwe maganizo okhala ndi mwana.

Izi si zachilendo ayi. Pangano loyamba la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, pa za uchembere la 1919 linanena kale kuti ndalama zizichokera ku thumba la boma kapena ku inshulansi, zaka zoposa 100 zapitazo eti. Pangano nambala 183 la mu 2000 likuti tchuthi chisachepere masabata 14, malipiro asachepere magawo awiri mwa atatu a salale, ndipo azichokera ku inshulansi yomwe onse amasonkha kapena ku ndalama za boma, osati kumusenzetsa bwana mmodzi payekha. South Africa ili ndi thumba la UIF komwe wantchito amasonkha 1 peresenti ya salale ndipo bwana naye 1 peresenti, mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye mayi akapita pa tchuthi chake cha miyezi inayi amalandirako gawo la salale kuchokera kumeneko. Sikuti ndalama zake nzokwanira, amayi ambiri amadandaula nazo, koma ganizo lake ndi lolondola, kampani yomwe yalemba amuna okhaokha imasonkha chimodzimodzi ndi yomwe yalemba akazi, ndiye palibe chomwe bwana akupulumutsa pomukana mtsikana uja.

Za azibambo ndinene mosabisa, tchuthi chomwe mwalemba kuti makolo agawane okha chimathera kwa mayi. Sweden inadikira zaka 20 azibambo akungotengako timasiku towerengeka, mpaka mu 1995 inaika mwezi umodzi woti bambo akapanda kuutenga banja lautaya, mu 2002 inafika miyezi iwiri, mu 2016 itatu. Norway inali itayamba kale mu 1993 ndi masabata anayi, ndipo azibambo otenga tchuthi anachoka pa ochepa zedi kufika ambiri m'zaka zowerengeka. Quebec, chigawo cha ku Canada, inachitanso chimodzimodzi mu 2006 ndi masabata asanu. Pomwe ku Japan bambo amaloledwa mpaka chaka, koma kufikira 2019 omwe amatenga anali osakwana 10 peresenti, chifukwa ukapempha ku ofesi amakuyang'ana ngati wasiya kukonda ntchito. Ine sindikukamba izi pofuna kuwachitira chifundo azibambo ayi. Nkhani ndi yoti bwana akadziwa kuti mnyamata nayenso adzasowa mu ofesi mwana akabadwa, chifukwa chomukanira mtsikana chimachepa, ndipo bambo yemwe watsala yekha ndi khanda kwa mwezi amadziwa pomwe pali matewera, mayi akabwerera kuntchito sagwiranso mashifiti awiri yekha. Tchuthi cha masiku awiri atatu chongokatenga mayi kuchipatala chija sichisintha kanthu.

Kenako pali tsiku lomwe tchuthi chatha. Mwana ali ndi miyezi itatu kapena inayi, asiyidwe ndi ndani? Apa ndi pomwe azimayi ambiri amasiyira ntchito, osati tsiku lochira. Germany inazindikira kuti lamulo la 2007 palokha silokwanira, ndiye kuyambira mu August 2013 mwana aliyense wa chaka chimodzi ali ndi ufulu wopeza malo kosamalira ana. Quebec inayamba mu 1997 malo osamalira ana a madola asanu patsiku ndipo amayi a ana aang'ono opita kuntchito anachuluka moonekeratu. Komanso maunduna anu amatsutsana okhaokha, a zaumoyo akuti yamwitsani mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, a zantchito akuti bwererani pakatha masabata 12 kapena ocheperapo, mayi amvere ndani? Pangano 183 lija likuti mayi woyamwitsa azipatsidwa nthawi yoyamwitsa tsiku lililonse kapena aziweruka msanga, ndipo nthawi imeneyo iziwerengedwa ngati wagwira ntchito. Zimenezi sizifuna mabiliyoni, zimafuna kachipinda kaukhondo ndi bwana wosazunza.

Musaiwalenso kuti zonse takambazi zimafikira azimayi ochepa. Lipoti la ILO la 2018 linati anthu 2 biliyoni, kuposa 60 peresenti ya ogwira ntchito padziko lonse, ali pa ntchito zosalembetsedwa, ndipo ku Africa ndi pafupifupi 86 peresenti. Wogulitsa pamsika, wantchito wapakhomo, wolima, wamaganyu, ameneyu alibe bwana woti amupatse fomu ya tchuthi, akachira amadzuka patangotha masiku ochepa chifukwa tsiku lomwe sanagwire ntchito pakhomo sipadyedwa. Mukakweza tchuthi cha m'maofesi kuchoka pa miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi iyeyu sizimukhudza olo pang'ono. Thumba losonkherana lija ndi lomwe lingathe kumufikira, ngati mutalola odzilemba okha ntchito kusonkha pang'onopang'ono, ndipo kwa osaukitsitsa boma nkupereka ndalama ya uchembere mwachindunji kwa miyezi yoyambirira. Lamulo loti bwana azilipira silingamufikire mpaka kalekale, poti bwanayo palibe.

Chomaliza ndi chitetezo cha ntchito, chomwe mabwana ochenjera anachipezera kale njira yochizembera. Masiku ano sachotsa mayi woyembekezera poyera, amangodikira kontilakiti yake ya chaka ithe nkusaikonzanso, kapena pobwera amapeza desiki yake pali wina iye nkumusamutsira ku ntchito yopanda tsogolo mpaka atatopa yekha nkulemba kalata yosiya. Pangano 183 likuti mayi abwerere pa udindo womwewo kapena wofanana nawo pa malipiro omwewo, likuletsa kuyeza mimba munthu akamafunsira ntchito kupatula pa ntchito zoopsa kwa mayi ndi mwana, ndipo likuti akachotsedwa ndi bwana amene ayenera kupereka umboni woti sanamuchotsere mimba. Kamfundo komalizaka ndi komwe kamapangitsa lamulo kuluma, chifukwa mayi wa khanda la miyezi iwiri alibe ndalama ya loya kapena nthawi yoyendera kukhothi zaka zitatu. Muikemo mawu oti kusakonzanso kontilakiti ya mayi woyembekezera kapena amene ali pa tchuthi kuzitengedwa ngati kumuchotsa ntchito pokhapokha bwana ataonetsa chifukwa china chomveka.

Ndiye bilu yotsatira ikamabwera m'nyumba ya malamulo, musatiuze za masabata okha. Tiuzeni thumba lomwe lilipire ndi amene asonkhemo, masabata angati ndi a bambo yekha osasamutsika, ndi komwe mwana apite tsiku lomwe tchuthi chatha. Ndipo nduna ya zantchito izitulutsa chaka chilichonse nambala iyi, mwa amayi onse omwe anapita pa tchuthi cha uchembere, ndi angati omwe akadali pantchito patatha miyezi 12 ndi miyezi 24, ndipo akulandira zingati poyerekeza ndi zomwe amalandira asanachire. Makampani ali nawo kale mayina amenewa pa peyirolo, kungowalamula kuti azipereka basi.

Ine wanu,
Kholo logwira ntchito